Manda a kumsitu ndiwo anandiyambitsa kufufuza mbiri ya kwathu ku Mtakataka

Agogo anga obereka amayi anamwalira m'mwezi wa June chaka cha 2019, ndipo tsiku loika maliro ndinaona chinthu chimene ndinali nditachionapo kangapo ndili mwana koma osachifunsa. Mudzi wathu, umene uli kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, uli ndi manda ake kuseri kwa nyumba zomalizira, koma onyamula bokosi anawalambalala manda amenewo natsata kanjira ka m'minda yokolola kale, mpaka tinakafika pa kamsitu kowirira ka mitengo ikuluikulu titayenda pafupifupi theka la ola. Adzukulu anali atatsiriza kukumba, ndipo pa mulu wa dothi limene anafukula panali mapale ambirimbiri, ena okhuthala kwambiri, ena okhala ndi timizere tolembedwa mwaluso cha kukamwa kwa mphika. Nditawerama kuti nditole limodzi, mdzukulu wina anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, za kuno sitinyamula." Ndinalisiya pomwepo, koma funso linatsala mumtima: anthu amene ankaphika m'miphika imeneyi anali ndani, ndipo n'chifukwa chiyani agogo anakagona pakati pawo?

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawafunsa amalume, omwe ndi mwini mbumba yathu. Yankho lawo linali lalifupi. Anati akazi a mbumba yathu amagona kumsitu kuja chifukwa n'kwa amayi awo, ndipo ngati ndikufuna zambiri ndikafunse agogo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, chifukwa ndiwo okha amene anatsala.

Ndiyenera kuvomera kuti kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti kwathu kulibe mbiri yoti munthu n'kuifufuza. Kwa ine Mtakataka anali siteshoni ya sitima, timagolosale ta m'mbali mwa msewu wa M5, msika, ndi kutentha kwa m'chigwa kumene kumatithamangitsira pansi pa mitengo masana. Ndinkadziwa kuti njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inatha kumangidwa mu 1935, ndipo ndinkangoti tauni yathu inayamba pamenepo. Ndinkadziwanso kuti ndife Angoni a kwa Kachindamoto, popeza mfunda wa bambo anga ndi wa Chingoni ndipo amuna a m'mudzi mwathu amavina ngoma atanyamula zishango. Sindinadzifunsepo chifukwa chake Angoni amenewa amalankhula Chichewa chokhachokha, chifukwa chake bambo anga anadzakhala kwawo kwa amayi pa chikamwini, kapena chifukwa chake Gule Wamkulu amatuluka pa maliro m'midzi yoyandikana nafe. Mbiri imene tinkaphunzira kusukulu ndinkaiona ngati ya kwina, ya anthu ena, yoloweza kuti ndikhoze mayeso basi.

Ndikulemba izi kuti amene ali ndi chidwi ngati changa asapunthwe pamene ndinapunthwa ine, ndipo chopunthwitsa changa choyamba chinali chachikulu. Patapita miyezi itatu ndinabwerera kumudzi kuchokera ku Lilongwe kumene ndimagwira ntchito, nditagula kope latsopano ndi zolembera, ndipo ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa akuluakulu funso limodzi: "Kodi anayamba kukhala kuno ndani?" Ndinkaliona ngati funso labwinobwino. Pa tsiku loyamba ndinalandira mayankho anayi osiyana, ndipo aliyense woyankha ankatchula kholo la banja lake. Pa tsiku lachiwiri anthu anayamba kundiyankha mozemba, ena n'kumati akudwala mutu, ena n'kumati akuthamangira kudimba. Pa tsiku lachitatu kunabwera mnyamata kudzandiuza kuti a mfumu akundifuna.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mabanja awiri a m'mudzimo anali pa mlandu wa malire a dimba, ndipo mlanduwo unali utatsamira pa nkhani yomweyo ya amene anayamba kulima pamalopo. Munthu wochokera m'tauni, wonyamula kope, wofunsa za amene anafika koyamba, sakanaoneka mwina koma ngati wotumidwa ndi mbali imodzi. A mfumu anandilandira mwaulemu, koma mawu awo anali olasa. Anati, "Mwana wathu, mwalowa m'mudzi ngati mlendo wosadziwa khomo. Mukadayamba mwatipeza, tikadakuuzani oyenera kuwafunsa." Amalume, omwe anandiperekeza, anapepesa m'malo mwanga, ndipo pobwerera anandidzudzula njira yonse. Mawa lake ndinapitanso kwa a mfumu nditanyamula nkhuku, ndinafotokoza za maliro a agogo ndi mapale aja, ndipo ndinalonjeza kuti za minda ndi za ufumu sindizilemba. Kuyambira pamenepo zitseko zinatseguka, ndipo a mfumuwo ndiwo anandipatsa mkulu wina wondiperekeza ku mabwinja.

Funso loti anayamba ndani ndinalisiyiratu, ndipo ndikulangiza wina aliyense kuti alisiye. Kwathu kuno funso limeneli limanyamula malo, ufumu ndi ulemu wa banja, choncho munthu amaliyankha poteteza zake, ngakhale atakhala wosanama. Mafunso amene anandithandiza anali ang'onoang'ono, ooneka ngati opanda pake. Ndinkafunsa kuti amayi anu anaikidwa kuti, nanga amayi awo a iwowo. Madzi munkatunga kuti musanakumbe chitsime ichi. Mudzi unali pati usanasamukire pano, ndipo unasamuka chifukwa chiyani. Mtengo wa bwemba uwo anaubzala ndani. Pa nthawi ya chilala nsembe ankakathira kuti. Mafunso otere munthu amawayankha mosaopa, ndipo mayankho ake amagwirizana okha, chifukwa manda, zitsime ndi mabwinja sizisuntha. Ndinasiyanso kufunsa zaka. Okalamba athu amawerenga nthawi ndi zochitika: njala ya 1949, kubwera kwa sitima, nkhondo ya 1914 imene amuna ankagwidwa kukanyamula katundu wa asilikali pa mtengatenga, mliri wa fuluwenza wa 1918, kubwera kwa Kamuzu mu 1958. Munthu akakuuzani kuti pa njala ija anali atangotha msinkhu, chaka chake chobadwa mukhoza kuchiyerekeza nokha osamuvutitsa.

Agogo aang'ono ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, maso atayamba kale kuchita khungu koma mutu uli bwinobwino. Atamva mawu anga anaseka nati, "Amuna anga abwera, nanga mwanditengera chiyani?" monga mmene agogo amaseleulira adzukulu awo aamuna. Ndinawapatsa shuga ndi sopo, ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kusenda nawo mtedzawo, ndipo kope ndinalisiya m'thumba. Tsiku loyambalo sitinakambe za mbiri ayi. Tinakamba za malemu, za mvula ndi za mitengo ya zinthu. Pa tsiku lachitatu m'pamene ndinawafunsa za manda a kumsitu, ndipo anasiya kusenda, napukuta manja pa chitenje, n'kuyamba kufotokoza.

Anati iwo anabadwa chaka chimene sitima inayamba kudutsa, ndipo analeredwa ndi agogo awo, amene anamwalira njala ya 1949 itangotha. Agogo awowo sanali Mngoni. Anali Mchewa wa kwa Banda, ndipo mudzi wa kwawo unali pamene pali kamsitu kaja, wozunguliridwa ndi linga. Ali kamtsikana kosatha msinkhu, anthu ankagona m'mabango ndi m'mapiri pothawa nkhondo, nthawi zina ya Ayao ogwira anthu kukagulitsa, nthawi zina ya Angoni otsika kuchokera kumtunda. Kenaka kunadza Angoni ena amene sanabwere kudzafunkha n'kubwerera, koma kudzakhala. Mwini mudzi anagonja, anthu anasamutsidwa kukamanga pafupi ndi obwerawo, ndipo mtsikanayo atakula anakwatiwa ndi mmodzi wa ankhondo aja. Anabereka ana, anakalamba pakati pa Angoni, koma anasiya mawu oti akadzamwalira adzamuike pa bwinja la amayi ake, ndipo ana ake aakazi ndi adzukulu ake aakazi akhala akutsatira komweko mpaka lero. Agogo aang'onowo anamaliza ndi mawu amene ndinawalemba usiku womwewo: "Zishango n'za amuna, koma dothi ndi lathu."

Ndinachoka pakhondepo nditasokonezeka, chifukwa ndinazindikira kuti mbumba imene ndimaiwerengera, ya kuchikazi, ndi ya Achewa, pamene mfunda umene ndimayankhira ndi wa Chingoni. Ndinafuna kudziwa ngati nkhani ya agogoyi ikugwirizana ndi zolembedwa, ndipo apa m'pamene ndinayamba kuwerenga. Zimene ndinapeza n'zakuti Angoni a kwathu ndi a Maseko, osiyana ndi a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835 nakathera ku Mzimba, ku Chipata ndi madera ena. A Maseko anafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, pansi pa Mputa, ndipo atagonjetsedwa kumeneko anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga nadzakhazikika cha ku phiri la Domwe, m'malire a Dedza ndi Mozambique. Chidyaonga ankangosungira ufumu mwana wa Mputa, Chikusi, ndipo Chikusi atalowa ufumu panabuka kusamvana pakati pa iye ndi Chifisi, mwana wa Chidyaonga. Awiriwa atamwalira mu 1891, mkanganowo unapitirira pakati pa ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1890 anthu a Kachindamoto anatsika m'mapiri kudzakhala m'chigwa cha kunyanja kuno. Nditawerengera mibadwo, ndinaona kuti mtsikana amene anamwalira ali nkhalamba cha m'ma 1950 akanakhaladi wosatha msinkhu pa nthawi imeneyo. Nkhani ya pakhonde ija ndi ya m'mabuku zinakumana popanda kuzikakamiza.

Koma mapale aja anali asanandiyankhebe, ndipo yankho lake ndi limene linandichititsa manyazi kwambiri. Mtunda wochepa kuchokera pamene ndinakulira, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, pali malo otchedwa Mankhamba, ndipo amenewa anali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, amene dzina la dziko lathu linachokera kwa iwo. Dzina loti Mankhamba ndinaliloweza ku pulayimale pamodzi ndi Kaphirintiwa, Msinja, Undi ndi Lundu, koma palibe anandiuza, ndipo ine sindinaganizepo, kuti ndi malo oti ndikhoza kupitako pa njinga n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalowa ndipo anapeza mapale ochuluka, zida zachitsulo, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, mafupa a nyama, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ngakhalenso zidutswa za mbale zadothi zochokera ku China. Kafukufuku wake anaonetsa kuti Achewa anali atakhazikika pamenepo pofika zaka za m'ma 1400. Kunena kwina, pamene ine ndinkati tauni yathu inayamba ndi njanji ya 1935, anthu a m'dera lomweli anali akugula ndi kugulitsa katundu wa maiko akutali zaka mazana angapo njanjiyo isanaganiziridwe.

Ndinapitako ndi mkulu uja a mfumu anandipatsa. Amene akuyembekezera kukaona zipupa kapena nyumba zachifumu adzakhumudwa, chifukwa makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zimenezi chiswe ndi mvula zinamaliza kalekale. Chimene munthu amaona ndi minda, mitengo, ndi nthaka imene ukaiyang'anitsitsa umapeza timapale tatuluka pamene madzi akokolola. Mkuluyo anandionetsa mmene amazindikirira bwinja: dothi lake limakhala lakuda ndi lofewa ngati la padzala, pamamera mitengo ya zipatso imene simera yokha m'tchire, ndipo nthawi zina pamapezeka mphero kapena zibuma zolemera zakuda zotsalira posungunula chitsulo m'ng'anjo. Anandiuzanso kuti alimi amakonda malo otere chifukwa chimanga chimachita bwino, ndipo ndiye chifukwa chake mabwinja ambiri anatha ndi khasu, kupatula okhawo amene anasanduka manda. Kamsitu ka agogo anga kanapulumuka chifukwa palibe angadule mtengo kapena kulima pamene pagona anthu. Apa ndinamvetsa chifukwa chimene mdzukulu uja anandiletsera kutola phale, ndipo lero ndimaona kuti mwambo umenewo wateteza zakale zambiri kuposa mmene chikwangwani chikanatetezera. Amene mukafufuza kwanu, jambulani chithunzi, lembani malo, koma musakumbe ndipo musanyamule kanthu, chifukwa phale likachoka pamalo pake limasanduka phale wamba losauza munthu chilichonse.

Ufumu wa Kalonga unafooka pang'onopang'ono, ndipo Kalonga womaliza wa kuno, Sosola, anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pa nthawi imene Ayao anali atalowa m'derali. Mpando umene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amaulemekeza lero ndi wa Kalonga Gawa Undi, amene amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene kumachitikira mwambo wa Kulamba. Midzi ing'onoing'ono ya malinga, yonga uja munabadwira agogo a agogo anga, inali ya anthu otsala pambuyo pa kugwa kwa ufumuwo, aliyense akudziteteza yekha. Ndipo nawonso Achewa a Kalonga sanapeze dziko lopanda anthu. Mbiri ya pakamwa imanena za Achewa a kwa Banda amene anafika kale ndipo anali eni nsembe za mvula, komanso za Akafula, anthu aafupi osaka nyama amene nthano zimawatcha Amwandionerapati. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, kumtunda kwa boma lathu lomweli, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, zina ndi za anthu osaka nyamawo ndipo zina ndi za Achewa. Pamenepa ndinaona kuti funso langa loyamba lija, kuwonjezera pa kukhala loputa milandu, linalinso lopanda pothera, chifukwa aliyense amene ungamutchule kuti ndiye woyamba umapeza kuti anaponda pa mapale a wina.

Malo achiwiri amene anandithandiza ndi mishoni ya Mua, imene ansembe a Chikatolika a White Fathers anaitsegula mu 1902, m'munsi mwa mapiri, anthu a Kachindamoto atangokhala m'chigwachi zaka zochepa. Kumeneko kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, amene anayambitsidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher ochokera ku Canada, komanso nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, imene imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndinali nditapitako ndili pasukulu, koma ulendo umenewo tinkangothamangira kuona zigoba za Gule. Ulendo uno ndinayenda pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti mitundu itatu imene yaikidwa m'zipinda zake ndi yomweyo imene inasakanikirana m'magazi a anthu a kwathu. Kwa amene makolo awo anali Akhristu, mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mamishoni akale ndi chuma chachikulu, chifukwa amalemba dzina la munthu, la bambo ndi la mayi ake, mudzi wake ndi chaka. Pofufuza m'mabuku otere muyenera kupita ndi maina onse a munthuyo, la ubwana, la pachinamwali ndi la ubatizo, chifukwa amene mumamudziwa ndi dzina limodzi akhoza kulembedwa ndi lina. Ine ndinataya tsiku lathunthu kufunafuna amayi awo a agogo ndi dzina limene tinkawatchula pakhomo, pamene iwo analembedwa ndi dzina la woyera mtima limene pamudzi palibe ankaligwiritsa ntchito. Nditawapeza, mzere wa mudzi wawo unali ndi dzina la mudzi wathu wa lero, osati la bwinja lija, kusonyeza kuti pofika nthawi ya ubatizo wawo kusamuka kunali kutachitika kale.

Ku Zomba, kumalo osungirako zolemba zakale za boma, ndinapitako kamodzi kokha, ndipo sindinakhalitseko. Amene akufuna kupitako adziwiretu kuti mapepala ambiri a boma la atsamunda a zaka zoyambirira anapsa pa moto umene unawononga maofesi a boma ku Zomba mu 1919, choncho zambiri zimene zilipo ndi za pambuyo pake. Adziwenso kuti mabwanamkubwa ndi ma DC ankalemba zimene zinkawakhudza iwowo, monga maina a mafumu, chiwerengero cha nyumba zokhomera msonkho, milandu ndi mbewu, ndipo maina a midzi ankawalemba monga mmene khutu la mzungu linamvera, kotero pamafunika kuwatchula mokweza kuti uwazindikire. M'zolemba zotere mudzi wa akazi a kwa Banda umene unatha boma lisanakhazikike sungapezekemo. Umboni wake ndi kamsitu kaja ndi mawu a nkhalamba imodzi basi.

Cholakwa changa chachiwiri ndi chimene chimandipwetekabe. Nditaona kuti agogo aang'ono azolowera, ndinawapempha kuti ndiziwajambula mawu pa foni, ndipo anavomera. Pa maulendo atatu ndinajambula maola angapo: maina a akazi a mbumba yathu mibadwo isanu, nyimbo ziwiri zimene agogo awo ankaimba posinja, ndi malongosoledwe a njira imene anthu ankadzera pothawira kumapiri. Ndinkadziuza kuti ndidzazilemba m'kope ndikadzapeza mpata. Mpatawo usanapezeke, foniyo inabedwa m'minibasi, ndipo ndinali ndisanasungire mawuwo pena paliponse. Kenaka kunabwera mliri wa Covid-19, maulendo a kumudzi anachepa poopa kukapatsira okalamba matenda, ndipo agogowo anamwalira mu 2021 ndisanakhale nawonso pakhonde. Zimene ndinapulumutsa ndi zokhazo zimene ndinkalemba usiku uliwonse ndikachoka kwa iwo. Maina ndinawapezanso pofunsa amayi ndi azakhali ena, ngakhale kuti limodzi amatsutsana nalo mpaka pano, koma nyimbo zija zinapita. Choncho amene mwajambula mawu a okalamba anu, atumizeni tsiku lomwelo kwa m'bale wina pa WhatsApp kapena muwasunge pa kompyuta, ndipo muwalembe pa pepala sabata isanathe. Musadikirenso tchuthi chachitali kuti mukayambe, chifukwa amene akudziwa zinthuzi ndi anthu a zaka makumi asanu ndi atatu kapena kuposerapo.

Pali chinanso chimene ndinaphunzira mochedwa, chokhudza amene tiyenera kuwafunsa. Poyamba ndinkathamangira amuna, makamaka odziwika kuti ndi odziwa kulankhula pabwalo, ndipo iwo ankandipatsa mbiri ya nkhondo ndi ya mafumu, yosalala bwino chifukwa yanenedwa kambirimbiri. Mkulu wina anandifotokozera ulendo wa Achewa kuchokera ku Uluwa mwadongosolo lodabwitsa, koma pambuyo pake ndinazindikira kuti ankabwereza zimene anawerenga kusukulu m'buku la Samuel Ntara la Mbiri ya Achewa. Sikuti ankanama ayi, koma sinali mbiri ya mudzi wathu. Akazi okalamba, amene poyamba ankakana kuti iwo sadziwa kanthu, ndiwo ankadziwa amene anabereka yani, amene anabwera ndi ukwati, amene anabwera ngati chikole pa mlandu kapena wogwidwa pa nkhondo, ndi kumene aliyense anaikidwa. M'dera la chikamwini ngati lathu amuna amabwera ndi kupita, koma akazi amakhala pamalo, motero mbiri ya malo ili m'manja mwawo. Zina mwa zimene anandiuza, makamaka zokhudza mabanja amene makolo awo anafika mwaukapolo, ndinazimva koma sindinazilembe, ndipo sindidzazilemba, chifukwa adzukulu awo ndi anzathu amene timadyera nawo mbale imodzi ndipo ena a iwo sadziwa n'komwe.

Chaka chatha, pa mwambo womanga chiliza cha agogo awiriwa, ndinapempha amalume kuti ndiwerengere abale zimene ndinasonkhanitsa, masamba khumi ndi awiri otayipa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, akazi mbali yawo, amuna mbali yawo. Nditafika pa nkhani ya mtsikana wa kwa Banda uja, msuweni wanga wina, amene sajomba ku ngoma ndipo amasunga chishango cha bambo ake, anadzuka n'kunena kuti iye ndi Mngoni ndipo za mapalezo sizimukhudza. Amayi anga, amene sakonda kulankhula pagulu, anamuyankha kuti palibe wamulanda Ungoni wake, koma akumbukire kumene anaperekeza amayi ake omubereka. Panakhala chete kwa kanthawi, kenaka amalume anandiuza kuti ndipitirize kuwerenga. Nditamaliza anatenga mapepalawo, nawapinda pakati, n'kunena kuti pali maina awiri amene ndawasemphanitsa ndipo adzandikonzera. Mmawa mwake, tisanapite kumsitu ndi matumba a simenti, anandiitana n'kundiuza kuti kutsidya kwa mtsinje kuli nkhalamba ina ya kwa Phiri imene amayi ake anaikidwa kumanda a kumsitu komweko, ndipo ngati ndikufuna kukaiona tinyamuke Loweruka m'mamawa dzuwa lisanatenthe, koma tiyambe tadzera kwa a mfumu a kumeneko.